Sitima Zankhondo Zinadutsa Kuno Zili Pamutu

Inu adzukulu anga obadwira muno mu Ndirande, madzi amene mukuwadziwa ndi a Nasolo ndi a Mudi, oti bwato silingayandamepo. Ndiye ndikati sitima zankhondo zinadutsa kuno, m'munsi mwa phiri lomweli, muziti nkhalamba yayamba kubwebweta. Khalani pansi kaye. Iyi si nthano yoti muzivomera kuti tilitonse. Zina ndinazimva kwa agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, amene anayamba ngati wamtengatenga asanavale yunifolomu. Zaka ndi mayina a Azungu ndinadzaziwerenga m'mabuku nditakula.

Gwero la nkhani yonseyi ndi mtsinje wa Shire. Sitima yochokera kunyanja yamchere inkalowa mu Zambezi, n'kukhotera mu Shire, n'kukwera mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Pamenepo madzi ankakana. Kuyambira pa Kapichira mpaka kufupi ndi Matope pali mathithi okhaokha, Mpatamanga, Tedzani, Nkula, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amatipatsa magetsi masiku ano akafuna. Palibe sitima imene ingakwere pamenepo. Aliyense wofuna kuika sitima panyanja yathu ankayenera kuibweretsa ili zidutswazidutswa, n'kupeza anthu oisenza.

Yoyamba inali Ilala, ya amishoni a Livingstonia, mu 1875. Mafumu a Amakololo anapereka anthu mazanamazana amene anaisenza m'mbali mwa mathithi, ndipo pa 12 October chaka chomwecho inalowa m'nyanja, muli E. D. Young ndi Dr Robert Laws. Nthawi imeneyo Blantyre kunalibe. Mishoni inadzakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876, kampani ya Mandala ya John ndi Frederick Moir inabwera mu 1878, ndipo kuyambira pamenepo njira ya katundu inakhota. Inkachoka kwa Katunga, kukwera chitunda chija mumachiona popita ku Chikwawa, kudutsa kwa Mbame, kufika pa Mandala, kenaka kulunjika kumpoto, cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, mpaka pa Matope. Inu a ku Zingwangwa ndi a ku Chilomoni, ulendo wochokera kumunsi unkakwera cha kwanuko. Ife a kuno ndi anzathu a ku Machinjiri tinkauona ukutuluka. Tawuni imene mumainyadirayi inakula chifukwa inali popumira amtengatenga pakati pa madoko awiri.

Agogo ankati katundu woyamba amene anasenza ali mnyamata chinali chitsulo chaphanthiphanthi chokhala ndi timabowo m'mphepete monse. Sichinali cholemera kuposa thumba la mchere, koma chinkakola mphepo, ndipo dzuwa likakwera chinkatentha mpaka nkhata kumanunkha. Zidutswa zikuluzikulu ankazimangirira pamitengo, amuna khumi kapena kuposa apo n'kumasinthana mapewa, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Malipiro anali nsalu, mikono yowerengeka. Palibe anawauza kuti akusenza chiyani. Anadzadziwa atafika kumtunda kwa Shire, ataona Azungu akukhomerera zitsulo zija ndi misomali yofiira ndi moto, mimba ya sitima n'kumaoneka pang'onopang'ono.

Koma tisathamange. Muyambe mwadziwa chimene sitimazo zinkafuna panyanja.

M'masiku amenewo nyanja inali ndi eni ake. Ku Nkhotakota kunali Jumbe. Kutsidya, kum'mawa, kunali Makanjira. Pamene Shire amatulukira m'nyanja panali Mponda, ndipo kumpoto, ku Karonga, kunali Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. Anthuwa anali ndi zombo zamatanga zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, kumene ulendo unkayambira wa ku Kilwa ndi madoko ena. Pobwerera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti za gogodela ndi onga. Musamve wina akukuuzani kuti ukapolo ndi bodza la Azungu. Agogo anaona ndi maso awo anthu ali m'magoli. Pano pomwe, pa Mbame, David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anamasula akapolo 84 mu July 1861. Anthu a kuno ankagona m'mapiri, mu Ndirande ndi mu Soche, pothawa nkhondo, ndipo mu 1884 Angoni a Chikuse atawoloka Shire anthu anathawiranso komweko ndi ku mishoni.

Nkhondo yoyamba imene asilikali anapita pa sitima inali ya kampani, osati ya boma. Mu 1887 Mlozi anayambana ndi Angonde, anthu ambiri anaphedwa pa dambo la Kambwe, ndipo sitolo ya Mandala ya ku Karonga, imene ankayang'anira Monteith Fotheringham, inazingidwa. A Mandala kuno ku Blantyre anayamba kusonkhanitsa anthu ndi mfuti. Mu 1888 anapeza msilikali wina wongodutsa, Frederick Lugard, yemwe pambuyo pake anadzalamulira Nigeria. Iye anatenga Azungu owerengeka, ndi Atonga a ku Bandawe, ndipo sitima yokhayo imene anali nayo inali Ilala yomwe ija, imene kampani inali itagula kwa amishoni. Kasitima kobweretsa Uthenga Wabwino kanasanduka konyamula onga. Mu June 1888 Lugard anaukira linga la Kopakopa, chipolopolo n'kumupyoza mkono, kudutsa pachifuwa, n'kukavulaza mkono winawo. Abale awiri a Moir nawonso anavulala pankhondo imeneyi. Malinga a Mlozi sanagwe. Mu October 1889 Harry Johnston anafika n'kuchita pangano la mtendere, aliyense n'kukhala pamene anali.

Chaka chomwecho Apwitikizi a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a Mlauli kumunsi kwa Shire. Angerezi anakwiya, ndipo mu 1890 anatumiza sitima ziwiri zankhondo, Herald ndi Mosquito, kudzera pa Chinde. Nsanje ija inkatchedwa Port Herald chifukwa cha imodzi mwa izo. Koma sitimazi zinali za kumunsi kwa mathithi. Kunyanja kunalibe.

Mu 1891 dziko lino linalengezedwa kuti lili m'manja mwa Angerezi, ndipo Johnston anabweranso ngati bwanamkubwa. Anabwera ndi asilikali a ku India pafupifupi 70, ena Asikh ovala nduwira, ena Asilamu a ku Hyderabad amene kwawo anali okwera pamahatchi, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Taganizani, okwera pamahatchi m'dziko la kashembe. Onsewa anali asilikali a pamtunda. Palibe anaphunzira za panyanja. Koma adani a Johnston ambiri anali m'mbali mwa nyanja, ndipo msewu wopita kumeneko kunalibe. Choncho anabwereka sitima ya Mandala yotchedwa Domira, sitima ya katundu wamba, n'kukwezamo mzinga umodzi ndi asilikali aja.

Mu October 1891 anamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, limene linadzakhala Fort Johnston, Mangochi wa lero. Kenaka analunjika kwa Makanjira. Ameneyu Angerezi anali naye mangawa, chifukwa mu 1888 anthu ake anagwira John Buchanan, wogwirizira udindo wa kazembe, pamodzi ndi mbusa W. P. Johnson wa mishoni ya ku Likoma, n'kuwachititsa manyazi mpaka atawomboledwa. Domira inaombera mudzi wake, asilikali anatsika n'kuutentha. Anaona ngati nkhondo ya panyanja ndi yosavuta.

Pa 15 December 1891 anaphunzira. Maguire anamva kuti zombo ziwiri za Makanjira zabisidwa pagombe lina la kum'mawa, ndipo anapita pa Domira ndi asilikali pafupifupi 30. Anatsika, anayenda m'madzi, anawononga zombo zija. Koma anthu a Makanjira anatulukira ambiri, mphepo inakula, ndipo Domira poyesa kuyandikira kuti iwatenge inakakamira pamchenga. Maguire anaomberedwa ali m'madzi, atatsala pang'ono kugwira sitima. Asilikali ena a ku India anafera pomwepo. Woyendetsa sitima, Keiller, anavulala. Sitima inakhala pamchengapo masiku angapo, zipolopolo zikugwa ngati matalala pazitsulo zake. Anthu a Makanjira anaitana kuti tiyeni tikambirane, mudzatenge mtembo wa mkulu wanu. Dokotala wa ku India, Dr Boyce, ndi injiniya McEwan anatsika, ndipo sanabwerere. Otsalawo anavutika usiku ndi usana mpaka sitima inayandama.

Pamenepa mpofunika kumvetsa, chifukwa ndi pamene pagona nzeru ya nkhondo yonseyi. Sitima ikakhala pakuya, munthu wa pamtunda sangaichite kanthu. Gogodela sifika patali, ndipo bwato silingalimbane ndi mzinga. Koma mzinga ungatenthe nyumba, sungagwire mfumu. Mudzi ukapsa anthu amathawira kuphiri, sitima ikachoka amabwerera n'kumanganso. Kuti nkhondo ithe pamafunika munthu wa miyendo iwiri atsike. Ndipo nyanja yathu m'malo ambiri ndi yosaya kufupi ndi gombe, kotero sitima inkaima patali, asilikali n'kulowa m'mabwato, kenaka n'kudumphira m'madzi ofika m'chifuwa, mfuti ili m'mwamba. Pakati pa sitima ndi mchenga, pamenepo ndiye panali pa imfa. Munthu sungathamange, sungagone pansi, sungabisale. Agogo ankati msilikali amene sankaopa linga ankanjenjemera akauzidwa kuti mawa titsikira m'madzi.

Chaka cha 1892 chinali chowawa kwa Johnston. Jalasi, amene Azungu ankamulemba kuti Zarafi, anagonjetsa gulu limene linakwera phiri la Mangochi, n'kulanda mzinga. Kumayambiriro kwa 1893 kunabuka nkhondo ndi Liwonde, ndipo Domira yomweyo inakakamiranso pamchenga mu Shire, Johnston mwini ali pompo, atazingidwa. Anamupulumutsa ndi amalinyero a Herald ndi Mosquito amene anasiya sitima zawo kumunsi n'kukwera wapansi kudzera kuno, pamodzi ndi Ajeremani amene anali pafupi akulumikiza sitima yawo ya Hermann von Wissmann. Onani mmene zinthu zinasokonekera: asilikali a pamtunda akumenya nkhondo ali m'sitima, amalinyero akumenya nkhondo ali pamtunda.

Ndiye mu 1893 zitsulo zija anasenza agogo zinasanduka sitima. Ziwiri, Pioneer ndi Adventure, zinalumikizidwa kwa Mpimbi n'kupita kunyanja. Yachitatu, Dove, inali yoyenda ndi mapalasa a m'mbali, yoyenera madzi osaya a mu Shire. Cecil Rhodes anawonjezera ndalama, Asikh ena anabwera kuchokera ku India ndi akuluakulu awo Edwards ndi Manning, ndipo boma linayamba kulemba Amakua ochokera ku Mozambique ndi Atonga a ku Bandawe. Chakumapeto kwa chaka chimenecho anabwerera kwa Makanjira, sitima zikuomba kuchokera kunyanja, asilikali akutsika. Mudzi unagwa, ndipo pamalopo anamanga linga limene analitcha Fort Maguire. Makanjira anayesa kuliukira kumayambiriro kwa 1894, koma analephera.

Mmodzi wa inu, uja ali ku sekondale, anandifunsa tsiku lina ngati zoterezi zinachitikanso kwina. Zinachitika, ndipo kunali kokulirapo. Pamene Livingstone ankamasula anthu kwa Mbame mu 1861, ku America kunali kutangoyamba nkhondo yapachiweniweni, ya kumpoto ndi kumwera, ndipo gwero lake linali ukapolo womwewu. Inatha mu 1865. Kumeneko mtsinje wa Mississippi ndiwo unali msewu. A kumpoto anamanga sitima zokutidwa ndi zitsulo, koma amalinyero anaperewera, mpaka anatenga asilikali a pamtunda n'kuwaika m'sitima kuti aziombera mizinga. A kumwera ankabisala m'mbali mwa mtsinje n'kumaombera sitima zodutsa, kenaka n'kuthawa. Pofuna kuthana nawo, a kumpoto anapanga gulu lotchedwa Mississippi Marine Brigade, motsogozedwa ndi Alfred Ellet, la asilikali oyenda pansi, a pamahatchi ndi a mizinga, onse okhala m'sitima, oti akaomberedwa azitsika n'kuthamangitsa adani. Mzinda wa Vicksburg utagwa pa 4 July 1863, mtsinje wonse unatsala pang'ono kukhala wawo, ndipo dziko la kumwera linaduka pakati. Anthu akuda zikwizikwi anagwira ntchito m'sitima zankhondo za kumpoto, ena atangothawa kumene kwa ambuye awo. Nzeru yake ndi yomweyo imene Johnston anaigwiritsa ntchito kuno patapita zaka makumi atatu: gwira madzi, mtunda udzatsatira.

Tibwerere kwathu. Chaka cha 1895 ndicho chinamaliza zonse. Kawinga wa ku Chikala anagonja, Matipwiri wa ku Mulanje anagonja, phiri la Jalasi linatengedwa ndipo mzinga uja unapezekanso, Mponda anagonja, Makanjira anathawira kwa Apwitikizi. Anatsala Mlozi. Mu November Johnston anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 400, Asikh ngati 100 ndipo otsalawo anthu akuda, n'kutenga pafupifupi sitima iliyonse imene inali panyanja, ngakhale ya Ajeremani ija, kuti iwanyamule kuchoka ku Fort Johnston kupita ku Karonga. Ulendo umenewu agogo anali nawo, osati ngati msilikali koma ngati wonyamula zipolopolo za mizinga.

Nkhani ya ulendowu ankaikonda kuposa ya nkhondo yeniyeniyo. Ankati anthu anapanikizana pamwamba pa sitima monga mmene mumapanikizirana mu minibasi ya ku Bangwe madzulo, kusiyana kwake n'kwakuti apa munthu sukanatsika. Pansi panali mabokosi a zipolopolo, matumba a mpunga ndi ufa, ndi nkhuni. Nkhunizo musaziiwale. Sitima za masiku amenewo sizinkamwa dizilo, zinkadya mitengo, ndipo zinkadya kwambiri. Zinkaima m'madoko kuti zipakire nkhuni, ndipo msilikali amene ankaganiza kuti ntchito yake ndi mfuti ankapezeka ali m'madzi, mtolo uli pamutu. Pamadoko pomwepo ndi pamene anthu ankaphika bwinobwino. Asikh ankasonkha moto wawo paokha n'kumakanda ufa wa tirigu, osafuna kuti wina akhudze chakudya chawo. Asilamu ankaphika paokha. Anthu athu ankafuna nsima, ndipo mpunga ankadya modandaula.

Mphepo ikauka, nyanja inkasiyanitsa anthu. Atonga, obadwira m'bwato, ankangoseka n'kumacheza. Anthu a kumapiri kuno, amene madzi aakulu anali asanawaonepo, ankagona chafufumimba, kusanza mpaka ndulu. Agogo ankati anaona Msikh wamtali, wandevu zake, amene pa nkhondo sankaphethira, atakumbatira chitsulo n'kumaitana amake m'chinenero chakwawo. Ambiri sankatha kusambira. Usiku ankaopa kugona m'mphepete, poti sitima ikapendama ungagubuduke osamveka. Ndipo panali kusamvana kwa malamulo. Pamtunda msilikali amamvera sajeni ndi bwana wake. M'sitima mwini mawu ndi woyendetsa, ndipo iye akati nonse pitani mbali iyi, ngakhale bwana wa asilikali ankasuntha.

Anafika ku Karonga chakumapeto kwa November, mvula itayamba. Mizinga ya m'sitima anaitsitsa, amalinyero a Commander Cullen n'kuitsatira kumtunda, anthu ngati agogo akukoka ndi kusenza m'matope. Malinga a Msalemu ndi Kopakopa sanachedwe kugwa. La Mlozi, ku Mpata, linali lalikulu, la makoma a mitengo ndi dothi okhala ndi timabowo toonera adani, ndipo analiombera usana ndi usiku mvula ikugwa. Pa 3 December anthu a m'lingamo anatuluka kuti athyole mzere wa asilikali, ndipo asilikali anawabweza n'kulowa nawo limodzi. Mlozi sanaoneke. Anamupeza m'chipinda cha pansi pa nyumba yake, ndipo amene anamutulutsa sanali Mzungu kapena Msikh. Anali Mtonga, Sajeni Bandawe. Mafumu a Angonde anazenga mlandu, ndipo pa 4 December 1895 Mlozi anapachikidwa. Akapolo mazana angapo anamasulidwa. Mwezi womwewo nkhondo inapita kwa Mwase ku Kasungu, asilikali atatsikira ku Nkhotakota.

Dzina la Bandawe lisungeni, chifukwa mwa anthu akuda mazanamazana amene anakwera sitimazo, owerengeka okha ndi amene mabuku anawatchula. Ali Kiongwe, Mswahili amene ankayenda ndi Johnston, ndi wina. Otsalawo analembedwa ngati chiwerengero basi.

Tsono mundifunse kuti nkhondo imeneyi inali ya yani. Mabuku a kusukulu amati inali ya Angerezi ndi ogulitsa akapolo. Si bodza, koma si zonse. Azungu pankhondo zimenezi ankakhala ochepa, oti n'kuwawerenga ndi zala. Amene ankadumphira m'madzi anali Atonga, Amakua ndi Amwenye. Amene ankawadikira pagombe anali Ayao, Aswahili, ndi Ahenga amene anali kumbali ya Mlozi. Kawirikawiri sitima inkalowerera mkangano umene unalipo kale pakati pa abale. Ku Nkhotakota, Jumbe anayambana ndi nduna yake Chiwaura, ndipo mu 1893 asilikali anabwera pa sitima kudzagwetsa linga la Chiwaura m'malo mwa Jumbe. Jumbeyo anali wamalonda a akapolo wodziwika, koma poti anasaina pangano ndi Johnston mu 1889, ankalandira ndalama chaka ndi chaka. Kwa Mponda nako kunali kulimbirana ufumu. Ine ndimati inali nkhondo yapachiweniweni imene mlendo anaigula, n'kuipatsa sitima.

Sindikulira Makanjira kapena Mlozi. Munthu amene mlongo wake anamangidwa goli sangawalire. Zombo zitasiya kuwoloka, anthu anatsika m'mapiri n'kuyamba kulima m'zigwa, ndipo chimenecho ndi chinthu chachikulu. Koma sitima zimene zinathamangitsa zombo ndi zomwezo zinabweretsa wokhometsa msonkho. Msonkho wa nyumba unali mashilingi atatu, ndipo munthu wopanda ndalama ankaupeza posenza katundu pamsewu womwe uja wa kwa Katunga, kapena polima khofi m'minda ya Azungu. Mfumu yokana msonkho inkaona asilikali omwewo. Mu 1896 anapita kwa Gomani, mfumu ya Angoni, n'kumupha, ndipo uko kunalibe chombo ngakhale chimodzi.

Chodabwitsa china n'chakuti Ayao amene anamenyana ndi boma ndiwo anadzadzaza gulu la asilikali nkhondo zitatha. Mnyamata amene anaombera Domira ali pagombe ankapezeka patapita zaka zochepa atavala chisoti cha boma, akukwera sitima yomweyo. Agogo nawo analembetsa nthawi imeneyo. Ankati anatopa ndi kusenza, ndipo anaona kuti wonyamula mfuti amadya bwino kuposa wonyamula bokosi. Mu 1896 gululi linatchedwa Central Africa Rifles, ndipo mu 1902 linalowa mu King's African Rifles, Keyala imene mumaimva. Anthu athu anakwera sitima zazikulu za panyanja yamchere, kupita ku Mauritius, ku Somaliland, ndi kwa Asante ku Ghana ya lero mu 1900. Perete amene anaphunzira ku usilikali ndi amene mumamuona m'magule a beni ndi malipenga.

Sitima yaikulu kuposa zonse za boma, Guendolen, inayamba kuyenda mu 1899, nayonso itadutsa njira ya mathithi ili zidutswa. Pa 13 August 1914, nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, itangoyamba ku Ulaya, Captain Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kupeza Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Anaiombera. Woyendetsa wake, amene anali mnzake wa Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. Sitima imene inathandiza kunyamula asilikali opita kwa Mlozi inathera pamenepo kukhala yoopsa, ndipo nyanja yonse inakhala ya Angerezi. Atatero ananyamula Keyala kupita ku Karonga, kumene anamenyana ndi Ajeremani pa 9 September 1914, ndipo mu May 1915 asilikali anatsikanso pa Sphinxhaven kukamaliza kuiphwanya sitima ija. Ambiri mwa amene anafa ku Karonga, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda.

Imfa zimenezo ndi zimene zinamupweteka John Chilembwe wa ku Mbombwe. Iye anaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pafupi ndi Appomattox kumene asilikali a kumwera anagonjera mu 1865, ndipo anaona ndi maso ake mmene ana a akapolo omasulidwa ankakhalira. Chakumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo. Mu January 1915 anaukira, ndipo gulu lina la anthu ake linabwera kuno usiku kudzathyola nyumba ya zida ya pa Mandala, pabwalo lomwe lija amtengatenga ankatulira zitsulo za sitima.

Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo, ndipo m'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mmene muli mabuku ndi zithunzi za nthawi imeneyo. Mzinga wa Guendolen uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mlatho. Ku Mangochi n'kutali, ndikudziwa, koma pa Mandala mutha kuyenda wapansi kuchokera pano. Tchuthi chikubwerachi mupiteko, mukapemphe zithunzi za Domira ndi Guendolen, ndipo mukaziona musathamangire Mzungu wokhala pampando. Mukayang'ane amene aimirira kumbuyo kwake, mudzandiuze ngati simupezapo nkhope yofanana ndi ya kwanu.